Sipiriti wa Mfumu Sathiridwa Madzi

Dziko la Tiombemmanja silipezeka pa mapu a kusukulu, ndipo amene anakhalako amati n'chifukwa chakuti Mfumu Zonsenzanga Wachiwiri inakana kuti lijambulidwe laling'ono kuposa mayiko oyandikana nalo. Linali dziko la chimanga, fodya ndi misonkhano. Pansi pa nthaka yake panalibe mafuta, doko la sitima linali kutali masiku anayi pa lole, koma nduna zinalipo makumi atatu ndi ziwiri, iliyonse ndi wachiwiri wake woinyamulira chikwama.

Chaka china Mfumu inapita kunja kukapimitsa bondo. Pochokera kuchipatala, galimoto yake inadutsa pafupi ndi fakitale ya nsanja zachitsulo zitalizitali, mapaipi atapiringizana ngati matumbo a mbuzi. Itafunsa, anaiuza kuti mmenemo amapangiramo sipiriti, yemwe uja anali atangoipaka pabondo asanaibaye jakisoni. Dzina lake la m'mabuku ndi ayisopuropailo. Samwedwa, ndi poizoni. Ntchito yake n'kupha tizilombo pakhungu la wodwala, m'manja mwa dokotala ndi pa zitsulo zake, komanso kupukutira makina osafuna chinyezi. Zonsezi Mfumu sinazimve. Inangoona nsanja.

Itabwerako inaitanitsa nduna zonse, pamodzi ndi a Gwetsani, injiniya mmodzi yekhayo amene anatsala m'dzikomo. Anzawo onse anapita kunja kalekale, iwo anatsala chifukwa pasipoti yawo inasochera ku ofesi.

A Gwetsani anagwada n'kufotokoza modekha. Anati sipiriti ameneyu amapangidwa pophatikiza madzi ndi mpweya wina wotchedwa puropilini, umene umatsalira poyenga mafuta a galimoto. Mayiko oyenga mafuta mpweyawo amangoutenga kuseri kwa mpanda kudzera m'paipi. A Tiombemmanja adzayenera kuugula ndi ndalama zakunja, n'kuututa m'mathanki masiku anayi kuchokera kudoko. Anawonjezera kuti mafakitale a kunja ndi aakulu kwambiri moti zimene amapanga pa tsiku limodzi dziko lonse la Tiombemmanja silingazimalize pa zaka zitatu, ndipo kukula kumeneko n'kumene kumagwetsa mtengo. Mwachidule, lita imodzi yogula kunja inkafika m'dzikomo pa makobili khumi, thiransipoti ili momwemo. Lita yopanga okha idzadya makobili makumi atatu ndi asanu.

Nduna ya Zonyaditsa Dziko, a Mdyeratu, inadzuka isanapatsidwe mpata.

"Mwinidziko, mwadzimvera nokha. Wawo ndi wa khumi, wathu adzakhala wa makumi atatu ndi asanu. Ndiye kuti wathu adzaposa wawo katatu ndi theka."

Bwalo linaomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga.

Phokoso litatha, a Gwetsani anayesanso. Anati kutcheza koyamba kumatulutsa sipiriti wa magawo pafupifupi 88 pa 100 aliwonse, otsalawo ndi madzi. Madzi otsalawo ndi amakani: amauluka limodzi ndi sipiriti ngakhale utatcheza kakhumi. Kuti achoke pamafunika nsanja yachiwiri, mankhwala ena odula, magetsi ndi malasha ochuluka. Koma zipatala sizifuna n'komwe sipiriti wouma chonchi. Zimafuna wa magawo 70. Choncho ngati fakitale iyenera kumangidwa, nsanja imodzi ikwana, ndipo kwatsalako n'kungothira madzi oyera.

Mfumu inafunsa kuti kodi kumene inapita kuja nsanja inali imodzi. A Gwetsani anati ayi. Mfumu inati ndiye kuno zikhale ziwiri, zitalike kuposa za kumeneko, ndipo sipiriti wa mfumu atuluke wopanda ngakhale dontho la madzi, chifukwa zothira madzi ndi za ogulitsa mkaka m'mabotolo.

Anamanga pa Dambo la Tayesa, pamene anthu ankalima mpunga ndi mpiru. Patatha zaka zitatu Mfumu inadula riboni, amayi anavina, ndipo mgolo uliwonse ndi chigubu chilichonse chotuluka mmenemo chinamatidwa nkhope ya Mfumu ikumwetulira.

Mwezi woyamba palibe anagula, poti wa kunja anali akadali pa makobili khumi. Bwalo linakumana n'kuletsa sipiriti wa kunja, kuti fakitale itetezedwe. Mwezi wachitatu mpweya unatha, ndipo ogulitsa ake anati salandira makobili. Bwalo linakumananso n'kugwirizana kuti sipiriti azigulitsidwa kunja kuti pabwere ndalama zogulira mpweya. A kunjawo anavomera kugula, koma pa mtengo wa pamsika wawo, umene unali makobili asanu ndi atatu. Nduna ina yatsopano inafunsa mwamanyazi ngati sikuluza kugulitsa pa asanu ndi atatu chinthu chodya makumi atatu ndi asanu. A Mdyeratu anaiyankha kuti kuluzako kumaoneka munthu akamagulitsa pang'ono, ndipo mankhwala ake n'kugulitsa zambiri. Magetsi onse a likulu anawapatutsira ku nsanja yachiwiri, ndipo kuti papezeke chokwirira dzenje, anaika msonkho pa makandulo. Zipatala zinauzidwa kuti zizilandira zotsala: chipatala chilichonse chigubu chimodzi cha malita makumi awiri pa mwezi.

Pa msika wa Zakwera nkhaniyi anaimvetsa msanga kuposa kubwalo. A Nachuma, amene ankagulitsa tomato kutsogolo ndi kachasu kuseri, anati iwo atcheza zaka makumi awiri ndi mphika, mpope wa njinga ndi tayala lakale, koma sanagulitsepo botolo pa mtengo wotsika kuposa shuga amene anathiramo. Akanatero, anati, bwenzi amuna awo atawaperekeza kwawo ndi kalata. Wogulitsa makandulo anati iye fakitale akuiyamikira, yamuthandiza kumangitsa nyumba ya malata. Wina atafunsa ngati dziko lalemera, wosoka nsapato anati lalemeradi, n'chifukwa chake likumira.

Moyang'anana ndi benchi la a Nachuma ankakhala Telezia, wogulitsa kaunjika wa ana. Anali mkazi wa mpata pamano, woseka ndi thupi lonse, ndipo chaka chimenecho anali woyembekezera kachiwiri. Belo likatsegulidwa ankasankhamo kachovala kabwino koposa n'kukabisa pansi pa benchi kuti n'ka mwana wake. Kasitomala akakaona n'kutchula mtengo wabwino, ankakagulitsa, n'kubisanso kena. A Nachuma ankati mwanayo adzabadwa atavula kale zovala makumi atatu.

Mwamuna wake, Bizaliele Kandoje, ankagwira ntchito pa nsanja yachiwiri. Ankathira malasha ndi kuyang'anira singano ya kutentha kuti isatsike. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo fungo la sipiriti silinkamuchoka ngakhale asambe kawiri. Telezia ankauza anzake kuti iye safunikira kupita kuchipatala, chipatala chimabwera chokha kunyumba madzulo aliwonse pa njinga, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha.

Koma kuchipatala ankayenera kupitako. Mwana wawo woyamba, Zione, anabadwa kudzera pa opaleshoni, ndipo dokotala wa pa chipatala cha Mubweremawa anati wachiwiriyu adzabadwanso chimodzimodzi. Anamulembera tsiku: pa 22 Okutobala. Telezia sankaopa mpeni. Ankati anaudziwa kale, ndipo ku wodi ya amayi kuli a Namaseko.

A Namaseko anali namwino wamkulu wa wodiyo, ndipo anali atagwirapo ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chigubu cha mfumu chikafika pa 1, ankawiritsa madzi m'ketulo, kuwasefa, kuwaziziritsa, n'kuyeza bwinobwino. Malita makumi awiri ankasanduka makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Sikunali kuchulukitsa chabe. Anamwino atsopano ankawaphunzitsa kuti sipiriti wouma amauluka asanagwire ntchito: umapaka apa, ukamatembenuka pauma, tizilombo tili phee kukuyang'ana. Madzi ndi amene amamugwira mwendo kuti akhalitse pakhungu n'kulowa m'kati mwa kachilombo. Kenako ankagawa mwaumbombo, kathonje kamodzi kamodzi, ndipo ankafika kumapeto kwa mwezi muli kotsala kophimba pansi pa chigubu.

Mu Sepitembala a Mdyeratu anapita ku Mubweremawa kukajambulitsa akupereka chigubu cha mweziwo, chimene chinali chitafika kale masiku awiri m'mbuyomo. Atalowa m'chipinda chosungira mankhwala anapeza zigubu ziwiri za nkhope ya Mfumu, china chodzadza, china chapakati. Anafunsa kuti chachiwiricho chachokera kuti, poti boma limatumiza chimodzi. A Namaseko anawauza zoona, ndipo anawaonetsa ndi ketulo yomwe.

Mlandu unazengedwa pamaso pa Mfumu. Woimira boma anati mayi ameneyu wasukulutsa nkhope ya Mwinidziko. Anawerengera bwalo matani a malasha amene amapsa tsiku lililonse, mizinda imene imakhala mumdima, ndi makandulo amene anthu okhulupirika amagula, zonsezo kuti madzi achoke. Ndiye mzimayi mmodzi ndi ketulo ya ku wodi abwezeremo pa ola limodzi zimene dziko lachotsa ndi thukuta? Anthu m'bwalo anapukusa mitu, ndipo ena mwa iwo ankapukusadi moona, chifukwa funsolo linali lomveka.

A Namaseko anaimirira manja ali kumbuyo.

"Ndiye lekani kuwachotsa, Mwinidziko. Muzititumizira wa nsanja yoyamba, tizithira pang'ono. Malasha atsala, magetsi abwerera, amayi achira."

Mfumu inayang'ana a Mdyeratu, a Mdyeratu anayang'ana denga. Kenako anaitana a Gwetsani kuti anene ngati mayiyo akunena zoona pa za magawo 70. A Gwetsani anati mabuku amaterodi, koma mabukuwo analembedwa Mwinidziko asanalankhulepo pa nkhaniyi.

A Namaseko sanamangidwe, chifukwa Mfumu inali ya chifundo. Anawasamutsira ku kachipatala ka Kutalinkwanu, kumalire, kumene chigubu sichinkafikako n'komwe, kuti asadzayesedwenso. Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo la Kuuma: chinthu chilichonse chokhala ndi nkhope ya Mfumu chisathiridwe madzi, chisaviikidwe, chisasukulutsidwe.

Lamuloli linafika pa msika wa Zakwera lisanafike pa wailesi. Omanga nyumba anafunsa za simenti, poti matumba ake anali ndi nkhope ya Mfumu. Anauzidwa kuti lamulo ndi lamulo, ndipo kuyambira pamenepo ankayamba akhuthula simenti pansi, kutumiza thumbalo kutali, kenako n'kuitana madzi. Amayi ovina pa misonkhano analeka kuchapa zitenje za nkhope ya Mfumu, moti pofika mwezi wotsatira nduna zinayamba kupempha kuti magule azichitikira chakutali pang'ono ndi nsanja ya alendo. A Nachuma anati mvula ikadzagwa tidzaone amene adzapite kukaimanga.

Telezia anaseka nawo zonsezi. Ataweruka anafunsa mwamuna wake ngati malita makumi awiri osathira madzi angafike pa 22. Bizaliele anati sakudziwa. Ankadziwa.

Chigubu cha Okutobala chinafika ku Mubweremawa pa 1, limodzi ndi mwamuna wa jekete amene udindo wake unali Woyang'anira Kuuma. Anamuikira mpando pakhomo la chipinda cha mankhwala, ndipo ketulo anaitsekera m'kabati. Popeza sipiriti wouma ankauma asanamalize kupukuta, anamwino ankaviika thonje kawiri, katatu. Telezia analowa ku chidikiro pa 14, mayi ake a Nagama ali gadiyani. Amayi a ku chidikiro analibe chochita china koma kusenda nandolo ndi kufunsa anamwino odutsa kuti chigubu chafika pati. Pa 16 chinatha.

Lamlungu Bizaliele anabwera ndi mbatata ndi sopo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, apongozi ake atakhala chapatali atatembenukira kumbali monga mwa ulemu. Telezia anamuuza za chigubu ngati akunena za mtengo wa anyezi. Kenako anamugwira chala.

"Bambo a Zione, inu mumakhala tsiku lonse pambali pa nyanja ya zinthu zimenezi. Ine ndikungofuna kapu imodzi. Yaing'ono, ya tiyi."

Lolemba Bizaliele anapita kwa bwana wa fakitale, chipewa chili m'manja. Bwanayo anamumvera chisoni, n'kumuuza kuti migolo yonse ya mwezi uno ili ndi eni ake kunja, ndipo dontho lililonse lotuluka pageti limafuna chikalata cha ku unduna, chimene chimatenga milungu isanu ndi umodzi ngati wosayina alipo. Bizaliele anazungulira masitolo a mankhwala m'tauni monse. Wa kunja anali woletsedwa, wa mfumu anali wosafikako. A Nachuma atamva anatcheza mwapadera, n'kumupatsa botolo la kachasu wa mutu, woyaka ukayatsa machesi, osalandira kanthu. Anati si wofanana, koma ndi bwino kusiyana ndi pemphero lokha. Pageti la chipatala Woyang'anira Kuuma analanda botololo, chifukwa lamulo loteteza fakitale silinkalola mowa wina uliwonse kupikisana ndi wa mfumu m'zipatala. Analilowetsa m'thumba la jekete kuti likakhale umboni.

Opaleshoni inali ya 2 koloko masana. Pa 22 Bizaliele anapempha kuweruka 12 koloko. Alonda a pageti la fakitale ankasecha mabotolo, zitini ndi majumbo, ankagwedeza ngakhale pampu ya njinga. Fungo lokha sankasecha, chifukwa aliyense ankatuluka nalo. Choncho atatsala pang'ono kuweruka anapita kuseri kwa thanki, anavula malaya a m'kati ndi thaulo limene anabwera atalikulunga m'chiuno, anaziviika pa mpopi woyezera mpaka kudontha, n'kuzivalanso pansi pa ovolosi. Kuzizira kwake kunamudula mpweya. Anadutsa pageti mano akugundana, mlonda n'kumufunsa ngati ali ndi malungo.

Kuchokera ku Dambo la Tayesa kufika ku Mubweremawa ndi makilomita khumi ndi imodzi, ndipo dzuwa la Okutobala linali pamutu. Anapalasa ataimirira. Khungu linkamuwawa ngati alikwapula ndi chitedze, koma ankakondwa nako kuwawako, chifukwa kunkatanthauza kuti akadali nacho chinthucho. Atafika pa mlatho kuzizira kunayamba kuchepa m'mapewa. Atadutsa msika kunatsala m'chiuno mokha. Anapanikiza chigongono pamimba, ngati angathe kukugwira.

Anapeza Telezia atamuveka kale chovala cha ku fiyeta, atagona pa bedi la matayala mukhonde. Namwino wachitsikana anabweretsa kambale kachitsulo mobisa. Bizaliele anavula thaulo n'kulifinya. Anafinyanso, mitsempha ya m'manja itatuluka. Munagwa madontho awiri, ndipo namwinoyo atanunkhiza anati limenelo ndi thukuta.

Telezia anatenga thaulolo n'kuliika pamphuno. Anaseka, mpata wa pamano uli poyera.

"Mwandibweretsera fungo. Chabwino, tizilombo tikamva tidziwa kuti ndili ndi abale kumeneko."

Analiika pansi pa mutu wake, ndipo anamwino anakankha bedilo kulowa naye.

Madokotala anachita zimene akanatha. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Makina ophikira zitsulo anali chizimire chifukwa magetsi anali ku nsanja yachiwiri, choncho zitsulo anaziwiritsa pa mbaula. Pamimba pa Telezia anapukutapo ndi madzi a mchere. Mwana anabadwa wamwamuna, wolira mwamphamvu, wa tsitsi lambiri.

Tsiku lachitatu Telezia anayamba kutentha thupi. Tsiku lachisanu bala linayamba kutuluka mafinya. M'wodimo munali amayi ena asanu ndi mmodzi ochitidwa opaleshoni sabata imeneyo, ndipo anayi mwa iwo ankanjenjemera chimodzimodzi, mabedi awo achitsulo akulira ngati akuyankhana. Mankhwala amphamvu opha tizilombo m'magazi anali oitanitsa kunja, ndipo ndalama zakunja zinali zitapita ku mpweya. A Nagama ankanyika nsalu m'beseni n'kumamupukuta mwana wawo pachipumi, akumuitana ndi dzina la paubwana limene ngakhale mwamuna wake sankalidziwa.

Anamwalira pa 31, cha m'ma 10 koloko mmawa, dzuwa likuwala bwinobwino, panja mayi wina akuitanira nthochi. Mawu ake omaliza omveka anali okhudza belo. Anauza Bizaliele kuti pansi pa benchi pali kajuzi kachikasu, ndipo a Nachuma asalole munthu kukagula ngakhale atatchula mtengo wotani. Mawa lake, pa 1, chigubu chatsopano chinafika pa nthawi yake.

Patatha masiku anayi chiikireni maliro, wailesi inalengeza uthenga wabwino. Malole anali atafika kuchokera kudoko atadzadza mabotolo a sipiriti wa magawo 70, okwanira zipatala zonse. Kampani ya kunja imene inkagula migolo ya ku Tayesa pa makobili asanu ndi atatu inali itathiramo madzi a kwawo, kuika m'timabotolo tokhala ndi chithunzi cha duwa, n'kugulitsanso ku Tiombemmanja pa makobili makumi asanu ndi limodzi lita imodzi. Akatswiri a malamulo anaunika n'kupeza kuti palibe cholakwika. Lamulo la Kuuma silikukhudza, poti pa botolo pali duwa, palibe nkhope ya Mfumu. Lamulo loletsa wa kunja silikukhudzanso, poti sipiritiyo ndi wa konkuno. Polandira malolewo a Mdyeratu anati uyu ndi mwana wathu amene anapita kunja kukaphunzira, ndipo lero wabwerera kumudzi ndi digiri. Anawonjezera kuti a kunjawo, poona kuti Tiombemmanja akugula kwambiri, awirikiza oda yawo ya sipiriti wouma, choncho nsanja yachiwiri izigwira ntchito ndi Lamlungu lomwe.

Pa msika wa Zakwera sanaseke kwambiri tsiku limenelo. Benchi la kaunjika linali lovundikira ndi chiguduli. A Nachuma anangoti madzi a pa mjigo wathu akanadziwa akanapita kusukulu.

Fakitale sinaiwale wantchito wake. Loweruka masana a Gwetsani anafika kunyumba kwa Bizaliele atanyamula katoni ya chipepeso. Munali zitini zitatu za mkaka wa ufa wa makanda, wochokera ku khola la ng'ombe za Mfumu, ndi botolo loyamwitsira. Zinafika pa nthawi yake, chifukwa mayi woyandikana nawo amene ankayamwitsako khandalo anali atadwala bere, ndipo kuyambira mmawa mwanayo anali asanalawe kanthu. Kulira kwake kunali kutasanduka kakulira kowonda, kodukaduka.

A Nagama anatenga chitini chimodzi n'kuchitembenuza. Kutsogolo kunali nkhope ya Mfumu ikumwetulira. Kumbuyo, pamene pamakhala malangizo a kasakanizidwe, anali atamatapo pepala loyera la chidindo cha boma, lokumbutsa nzika zonse za Lamulo la Kuuma. Anachiika pamkeka pakati pawo, osachipereka m'manja mwa mkamwini wawo.

A Gwetsani anakhala pa mpando akuyang'ana nsapato zawo. Anapepesa maliro kawiri ndi mawu omwewo. Atadzuka kuti azipita anaima pakhomo, nkhope atalozetsa kunja, n'kulankhula ngati akuuza mtengo wa papaya.

"Kasupuni kali m'katimo. Kamodzi kosadzadza mpaka phiri, pa mzere woyamba wa botolo. Owiritsa, oti azizira mpaka kufunda. Ine sindinanene kanthu, a Kandoje."

Anakwera njinga yawo n'kumapita osacheuka.

Msewu wa kutsogolo kwa nyumbayo unali wodutsa anthu ambiri, ndipo masiku amenewo Oyang'anira Kuuma anali atachuluka, ena osavala n'komwe jekete. Bizaliele anaika ketulo pa mbaula. Madzi atawira anawatsanulira m'kapu kuti azizire, n'kumawauzira, mwana akulira pa phewa la agogo ake. Kenako a Nagama anadzuka, anayala khandalo pa mkeka pafupi ndi bambo ake, anatenga lichero la nandolo n'kutuluka. Anakoka chitseko, n'kukhala pakhonde atachitsamira ndi msana.

"Thirani, bambo," anatero ali kunja, mawu ali pansi. "Akabwera ndiwauza kuti muno muli maliro."

Bizaliele anatseka zenera. Anatembenuza chitini kuti nkhope iyang'ane kukhoma, anadonthezera madzi pa dzanja lake kuti amve kufunda kwake, n'kuthira m'botolo mpaka pa mzere.